Tiyambe ndi ulendo waufupi wa m'phiri la Mulanje

Ine ndinabadwira ku Thuchila, ndipo kuyambira ndili mwana phiri la Mulanje ndakhala ndikuliona m'mawa uliwonse ndikangotuluka m'nyumba. Mtsinje wa Thuchila umene tinkasambamo ndi kuwedzamo nsomba umachokera m'phiri lomweli. Koma kunena zoona, ndinafika mpaka Folomu 3 ndisanapondeko phazi m'nkhalango yake. Alendo amachoka ku Ulaya, kulipira ndalama zambirimbiri za ndege kuti adzakwere phiri limeneli, pamene ife eni dera timangolilozera ndi chala. Ine ndikuona kuti zimenezi si bwino, ndipo ndikupempha kuti pa seminale pathu pano pakhale mwambo woti kalasi iliyonse izikagona usiku umodzi m'nkhalango ya Mulanje isanamalize maphunziro ake.

Anthu ambiri akamva za kukwera Mulanje amafulumira kuganiza za Sapitwa, nsonga yaitali mamita 3,002, imene ndi yaitali kuposa malo ena onse m'Malawi muno. Ine sindikunena za Sapitwa ayi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ulendo umene ndikunena ndi woyambira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango, kukafika ku Dziwe la Nkhalamba. Munthu woyenda mosathamanga amafika pa dziweli patatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Njira yake ndi yokwera ndithu, koma ngakhale mnyamata wa Folomu 1 atha kuitha popanda kulira. Pamenepo madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudzaza dziwe lozizira kwambiri. Madzulo anthu atha kutsika n'kumanga matenti awo ku Likhubula komweko, m'mphepete mwa nkhalango.

Umu ndi mmene ine ndinayambira pa tchuthi chathachi, pamodzi ndi amalume anga ndi asuweni anga awiri. Titaona kuti miyendo yalimba, sabata yotsatira tinalemba munthu wotsogolera njira ndipo tinakwera mpaka ku nyumba yogona alendo ya Thuchila, pamwamba pa phiri. Nyumba zotere zilipo zingapo, monga ya Chambe, Lichenya, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu, ndipo iliyonse ili ndi mlonda amene amathandiza alendo ndi nkhuni ndi madzi. Ufa, ndiwo ndi mabulangete munthu amanyamula yekha. Usiku umenewo tinaphika nsima ya nyemba, ndipo ngakhale kunkazizira kwambiri, ndinagona tulo tabwino.

Komabe chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi si kukoma kwa nsimayo. Tili m'njira, wotitsogolera uja ankatilozera zitsa zikuluzikulu za mkungudza, zina zotakata kotero kuti anthu awiri akanatha kukhalapo. Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa kuti ikhale yotetezedwa kale mu 1927. Koma akatswiri atafufuza mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha ya mkungudza imene inatsala. Ina yonse inatha ndi macheka a anthu odula mozemba ndiponso moto wolusa. Izi ndinali nditaziwerengapo m'kalasi, koma sizinandikhudze mpaka tsiku limene ndinakhala pa chitsa n'kumva fungo la mtengo umene ana anga mwina sadzauona utakula.

Tsono ndifunse: kodi munthu angateteze bwanji chinthu chimene sanachionepo? Ife aseminale mawa lino ena tidzakhala ansembe, ena aphunzitsi, ena alangizi a zaulimi. Tidzaima pamaso pa anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu amene sanaiwale madzi osefukira a mu 1991, amene akali kulira abale awo otengedwa ndi matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mvula ija inali yoopsa, palibe angakane, koma phiri lopanda mitengo siligwira madzi ngakhale dothi. Ngati tidzafune kulankhula ndi anthuwa za makala ndi za moto, adzatimvera msanga akadziwa kuti ifenso tinakwerako ndi kudzionera tokha. Pakuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, kodi si zamanyazi kuti eni ake tikhale omalizira kulidziwa?

Ndikudziwa kuti makolo ena ali ndi nkhawa. Amayi anga omwe anakana poyamba, ati m'phiri muli mizimu ndipo anthu amasowa. N'zoona kuti anthu ena anatayika m'phirimo, makamaka oyenda okha opanda wowatsogolera kapena okakamira ulendo chiperoni chitaphimba njira. N'chifukwa chake ndikuti tipite m'nyengo yopanda mvula, pakati pa Meyi ndi Okutobala, tilembe otsogolera njira odziwika ku ofesi ya ku Likhubula, ndipo pasapezeke wochoka pagulu kapena wodumphira m'dziwe asakudziwa kusambira. Za mizimu, ine sindinyoza zimene agogo athu ankanena, pakuti mantha omwewo ndiwo ankachititsa anthu kulowa m'nkhalango mwaulemu. Ifenso tikalowe ndi ulemu womwewo: osathyola mitengo, osasiya moto, osataya mapepala.

Ena adzati ndalama zichokera kuti. Chakudya chimene tikadadya kuno tsiku limenelo ndi chomwecho tinganyamule. Chotsala ndi galimoto, ndalama yolowera m'nkhalango ndi malipiro a otitsogolera, amenenso ndi anthu a m'midzi yathu yomweyi ofuna kudyetsa ana awo. Tikasonkherana pang'onopang'ono kuyambira teremu yoyamba, mtolowu sungatilemere.

Choncho Bambo Rekitala, abambo ansembe ndi inu makolo athu, tiloleni tiyese ndi kalasi imodzi chaka chamawa. Ndipo ngati nkotheka, tikapemphe a bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, amene akuyesetsa kubzalanso mkungudza, kuti adzatiphunzitse kasamalidwe ka mbande zake. Ine ndili wokonzeka kunyamula mphika.