Eni maesiteti a tiyi aphunzirepo pa mlandu wa hatchi

Munthu akamayenda pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, maso amakhuta ndi kubiriwira kwa minda ya tiyi. Alendo amaimitsa galimoto n'kujambula zithunzi. Koma kwa mabanja a ku Bvumbwe, Luchenza ndi pa Thyolo boma, minda imeneyi ndi moyo. N'komwe amayi ndi abambo amalawirira mbandakucha dengu lili kumsana, ndipo ndalama za fizi, feteleza ndi ndiwo zimachokera kumeneko.

N'chifukwa chake nkhani yoti kodi anthu amawakhulupirira eni maesiteti kapena ayi si yaing'ono. Pali phunziro pa nkhaniyi lomwe likuchokera kutali, ku masewero a mahatchi.

Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse limatchedwa FEI. Lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Mu July 2024, kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano wa Olympics uyambe ku Paris, padatuluka kanema woonetsa katswiri wa ku Britain, Charlotte Dujardin, akukwapula hatchi m'miyendo mobwerezabwereza pomwe amaphunzitsa wokwera wina. Mayiyu sadali munthu wamba. Adali atapata mendulo 6 za Olympics, zitatu mwa izo zagolide.

Akuluakulu a bungweli akadatha kuzengereza mpaka mpikisano utatha, n'kumangoti akufufuza. Sadatero. Pa 23 July adalengeza kuti mayiyu waimitsidwa. Mwini wake adavomera kuti adalakwa, ndipo ku Paris sadapikisane nawo. Mu December chaka chomwecho chigamulo chidatuluka poyera: aletsedwa kwa chaka chathunthu ndipo alipire chindapusa cha ndalama za ku Switzerland zokwana 10 000.

Bungweli lidali litaona zomwe zidagwera anzawo. M'chaka cha 2021 ku Olympics ya ku Tokyo, mphunzitsi wa timu ya Germany adaoneka pa kanema akumenya chibakera hatchi yotchedwa Saint Boy pa masewero a modern pentathlon, omwe amayendetsedwa ndi bungwe lina. Anthu adakwiya kwambiri moti bungwe limenelo lidagamula zochotseratu mahatchi m'masewero ake. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'chaka cha 2022 FEI idakhazikitsa komiti yoona za chisamaliro cha mahatchi, momwe mudalinso anthu a kunja kwa bungweli. Idali itazindikira kuti anthu akataya chikhulupiriro, masewerowo akhoza kutha ngakhale malamulo atawalola.

Wotchola tiyi ndi munthu, ndipo kumufanizira ndi chiweto kungakhale chipongwe. Kufanana kuli kwa akuluakulu: bwana amatani ikatuluka nkhani yochititsa manyazi yokhudza munthu amene amamudalira?

Thyolo idakumana nalo kale funso limeneli. Mu February 2021, kampani ya ku Britain ya Camellia pamodzi ndi nthambi yake ya Eastern Produce Malawi idagwirizana zopereka mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu wa amayi 36 a m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje. Amayiwo adadandaula kuti ankachitidwa nkhanza zogonana pantchito, ena mpaka kugwiriridwa. Mlanduwo adausuma ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day. Kampaniyo sidavomere kulakwa, koma idalonjeza kulemba amayi oyang'anira chitetezo cha amayi anzawo komanso kulola anthu apadera kuti aziunika ngati malonjezowo akutsatidwa.

Mfundo zimenezi n'zabwino. Chodandaulitsa n'chakuti zidadikira khoti la kutsidya kwa nyanja. Mayi wa ganyu wa nyengo ya mvula akamaona kuti kudandaula kungamutayitse ntchito chaka chamawa, amangokhala chete. Bwana akaona chete ameneyu asaganize kuti zonse zili bwino, chifukwa mlandu suola.

Komanso m'boma la Thyolo anthu sadaiwale za thangata, ndipo mabanja ambiri amalima kachigawo kakang'ono pomwe esiteti ili pakhomo pawo. M'chaka cha 2016 anthu otsatira gulu la People's Land Organisation lomwe ankatsogolera Vincent Wandale adalowa m'malo a esiteti ya Conforzi pofuna minda. Pamalo otere, bodza limodzi lochokera kuofesi limafafaniza zabwino za zaka khumi.

Zabwinozo zilipodi. Maesiteti amalemba ntchito anthu zikwizikwi, ndipo ena ali ndi zipatala komanso amathandiza sukulu. M'chaka cha 2015 padayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro, ndipo mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi lidasayinirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU. Koma zimenezi sizingakhale chophimbira madandaulo.

Ena anganene kuti kuulula zolakwika kungathamangitse ogula tiyi ku okushoni ya ku Limbe ndi kunja, ndipo ovutika adzakhala otchola omwewo. Mantha amenewa ngomveka, koma zomwe zidachitika ku Kenya zikuonetsa kuti choopsa chenicheni ndi nkhani yotulukira kwina. Mu October 2020 sitolo zikuluzikulu za ku Britain monga Tesco zidaimitsa kugula mapeyala a kampani ya Kakuzi zitamva madandaulo a nkhanza za alonda ake kudzera m'nyuzipepala ndi kwa maloya. Masiku ano foni yojambula ili m'thumba la mnyamata wa kabaza ngakhalenso la wotchola tiyi. Chobisika lero mawa chili pa Facebook.

Choncho mneneri wa kampani ya tiyi asakhale wongolemba zikalata zachingerezi zotsutsa nkhani. Akhale ndi mphamvu zolowa kwa bwana wamkulu n'kumuuza kuti nkhani iyi ituluke lero. Aziyankhula m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, pawailesi ndi pabwalo la mfumu, kuti mayi wa ku Thekerani amve yekha osati kudzera m'mphekesera. Chaka ndi chaka makampani azilengeza chiwerengero cha madandaulo omwe alandira ndi momwe athera, popanda kutchula maina a odandaula. Ofufuza milandu ya nkhanza akhale anthu apadera, osalandira malamulo kwa manijala. Ndipo chilango cha kapitawo kapena manijala chikhale chofanana ndi cha mlonda wa pageti.

Bungwe la mahatchi lidalolera kupita ku Paris popanda mmodzi wa akatswiri ake otchuka pofuna kuti anthu asasiye kulikhulupirira. Eni maesiteti a ku Thyolo adzadziwa kuti nawonso afikapo tsiku lomwe mayi wotchola tiyi adzatula dengu pasikelo, n'kupita kuofesi kukadandaula za kapitawo wake, mawa lake n'kupezeka ali pantchito.