Safunsa anayatsa ng'anjo padenga

Kuno kumunsi kwa Dedza mwezi wa Okutobala suchita nthabwala. Ukatsika mapiri pa msewu wa Khwekhwelere, juzi imene unavala pa boma umayivula usanafike n'komwe pa Golomoti. Kuchokera pamenepo mpaka ku Mua ndi ku Mtakataka, mbuzi zimalimbirana kamthunzi ka tsinde la mlambe, ndipo usiku anthu amayala mphasa pabwalo chifukwa m'nyumba simugoneka. Choncho munthu akapeza kangachepe n'kugula makina oziziritsa nyumba, ine ndilibe naye mlandu. Mlandu wanga uli pa kaikidwe kake.

Mkulu wina wamalonda m'dera lino, amene anakhalitsa ku Joni, wamanga holo yochitiramo maukwati ndi zinkhoswe. Pobwerera kumudzi anabwera ndi chimakina chimene anachigula motchipa kwa anthu amene ankakonzanso sitolo kumeneko. Si eyakoni wamba ija ya zigawo ziwiri, china m'nyumba china panja. Ichi ndi chibokosi chimodzi cha heat pump, kompuresa, mafani ndi mapaipi a gasi zonse momwemo, ndipo chimakhala pamwamba n'kumakankhira mphepo m'nyumba kudzera m'mipope ikuluikulu ya malata. Wowotcherera zitsulo yekha ndiye anachita zanzeru. Atayesa kuchinyamula ndi anyamata ake anati denga la mitengo ya bulugamu silingasenze katundu wotere, nawotcherera nsanja yachitsulo yofika kudenga pambali pa khoma.

Tsiku loyesa tinasonkhana ngati pali msonkhano wa chipani. Mazenera anatsekedwa, zitseko zinatsekedwa, mmisiri woika makinawo anadina kabatani ka pakhoma, makina anabangula padenga. Mphepo inabweradi, koma yotentha. Mwini holo anayang'ana mmisiri. Mmisiri anayang'ana kudenga.

"Bwana, musadandaule, akuyamba awotha kaye injini."

Tinadikira. Thukuta linayamba kutsika m'misana ya anthu olemekezeka. Mayi wina wachikulire anadzikupiza ndi chitenje nafunsa mwaulemu wonse: "Achimwene, kodi mwatiitanira kudzaona holo kapena kudzaphika sikono?"

Owerenga anga, makinawo sanalakwe kanthu. Anachita ndendende zimene anauzidwa. Makina amenewa sapanga kuzizira, amangosamutsa kutentha, monga imachitira filiji. Ikani dzanja kumbuyo kwa filiji ya pa golosale, mumva kutentha kumene kwachotsedwa m'mabotolo a m'katimo. Heat pump imaposa filiji pa chinthu chimodzi: ili ndi valavu yotembenuza ulendo wa gasi. Ikaloza uku, kutentha kwa m'nyumba kumakatayidwa panja. Ikaloza uko, kutentha kwa panja kumalowetsedwa m'nyumba. Ku Bembeke kapena pa Dedza boma m'mwezi wa Juni, ntchito yachiwiriyo ndi dalitso. Ku Mtakataka mu Okutobala ndi nkhani yokathera kwa amfumu.

Wolamula zonsezi ndi thermostat, kabokosi kaja ka pakhoma. Kamalankhula ndi makina kudzera m'tinthambo tating'ono ta mavoti 24, ndipo kalikonse kali ndi pomangira pake polembedwa chilembo. R imabweretsa moto, C imaubweza, Y imadzutsa kompuresa, G imayendetsa fani, ndipo O kapena B ndiyo imalamula valavu ija. Msampha uli pomwepo. Makampani ena anapanga makina awo kuti valavu izilandira moto poziziritsa, ena potenthetsa, ndiye thermostat iyenera kuuzidwa mtundu wa makina amene yakwatiwa nawo. Zonsezi zinajambulidwa pa pepala lomatidwa kuseri kwa chitseko cha makinawo, ndipo zalembedwanso m'kabuku ka thermostat. Kabukuko ndinakaona ndi maso angawa, kali m'pulasitiki yake, kosatsegula, kakutchinjiriza mwendo wa tebulo kuti lisagwedere.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa suseka umbuli. Kusadziwa si mlandu, tonse tinabadwa osadziwa. Umaseka munthu amene uchi uli pafupi, wodziwa ali pafupi, koma iye wasankha kutafuna phula kuti asaoneke wofunsa. Mmisiri wathu akanati, "Bwana, makina otere sindinawagwirepo, ndipatseni tsiku ndiwerenge," ganyu ikanamuphonya, chifukwa mabwana athu amakonda munthu woyankha kuti "zazing'ono izi" asanaone n'komwe ntchitoyo. Ndiye musanamuseke mmisiriyo, kumbukirani kuti bodza lakelo tinamuphunzitsa ndife.

Nthambo zitakonzedwa panatulukanso china. Thermostat anaikhoma pakhoma la kumadzulo, pafupi ndi zenera, mkono umodzi kuchokera pa filiji ya zakumwa, chifukwa pamenepo ndiye panali pafupi ndi pobowola. Kabokosi kameneka kamangodziwa kutentha kwa pamene kali. Kukaika pamalo otere kuli ngati kutuma mwana kuti akaone ngati kunja kukuzizira, iye n'kukaima pa mafuwa. Abwera ndi yankho loona, koma la pa mafuwa. Makina ndiye amangolira osapuma, mayunitsi akuthawa m'mita, anthu a pakati pa holo akufunda zitenje. Malo ake ndi khoma la m'kati, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, kutali ndi dzuwa, chitseko, filiji ndi pakamwa pa mpope wotulutsa mphepo. Zimenezi sizifuna digiri. Zimangofuna kutsegula tsamba lachitatu.

Koma tinthambo ta mavoti 24 timangochititsa manyazi. Zimene zimapha ndi nthambo zazikulu. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo makina akuluakulu ambiri amafuna a three-phase, a mavoti 400. Chinthu chotere sichilowa m'soketi ya wailesi. Chimafuna chingwe chakechake chokhuthala kuchokera pa bokosi la magetsi, breaker yakeyake ya mlingo wolembedwa pa kachitsulo ka makinawo, ndi swichi yozimitsira pafupi ndi makina pamwamba pomwepo, kuti wokonza asamwalire chifukwa wina wayatsa pansi osadziwa kuti kumwamba kuli munthu. Chimafuna nthambo ya earth yofika m'nthaka, osati yongopinda kuseri kwa bokosi kuti isaoneke. Nthambo ziwiri za three-phase zikasinthanitsidwa, kompuresa za mtundu wina zimazungulira chobwerera n'kudziwononga. Ndipo musanagule, werengani kachitsulo kaja: magetsi athu ndi a 50 Hz monga a ku South Africa, pamene makina opangidwira ku America ndi a 60 Hz.

Tsono tayendani m'misika ndi m'magolosale athu muone. Nthambo zolumikiza ndi mano, zokulunga ndi jumbo, breaker ikamagwa kawirikawiri mankhwala ake n'kuika yaikulu. Breaker ikagwa ndiye kuti ikunena kanthu, koma ife timaitseka pakamwa. Chingwe chimatentha pang'onopang'ono m'siling'i, ndipo tsiku limene moto wabuka, ofufuza athu a pa bawo amapeza msanga kuti ndi nsanje ya woyandikana naye. Bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa amisiri oyala nthambo za magetsi. Makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA amatulutsa anyamata ndi atsikana chaka ndi chaka, ena akungokhala ndi satifiketi m'sutikesi. Koma munthu amene wawononga mamiliyoni pogula makina, ikafika nthawi yowaika amayamba kuwerengera makobiri, n'kuitana mlamu wake amene anakonzapo ayironi.

Pali kanthu kenanso kamene mabwana amakwiya nako. Magetsi akazima n'kubwera, thermostat yabwino imadikira mphindi zingapo isanadzutse kompuresa, kuti gasi akhazikike m'mapaipi. Bwana amati yafa, mmisiri wofuna kusangalatsa amailambalala ndi kachingwe. M'dziko limene tinaona Kapichira ataima kupitirira chaka chathunthu namondwe wa Ana atawononga damu lake mu Januwale 2022, n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, munthu wanzeru amadziwa kuti magetsi amabwera ndi kupita, ndipo amawonjezera chotetezera makina m'malo mochotsa chimene chilipo.

Ndifike tsopano pa nambala 16, imene ndalimbana nayo zaka zambiri. Lowani mu ofesi iliyonse yokhala ndi eyakoni, kuyambira ku Salima mpaka ku Balaka, muyang'ane rimoti. Mupeza 16. Anthu amakhulupirira kuti ukatsitsa nambala, kuzizira kumabwera msanga. Nambala ija imangouza makina poti akaimire. Ukaika 16 pamene kunja kukuwotcha, wawauza kuti asaime mpaka atafa. Ndipo amene amakonda 16 mumawadziwa: ndi abambo a jekete ndi tayi, amene amaziziritsa chipinda chonse kuti suti yawo ivalike, pamene mlembi wawo akugwira ntchito atavala juzi kunja dzuwa likuswa mtengo. Ku Japan, kuyambira 2005, boma linalimbikitsa maofesi kuika makina pa madigiri 28 ndi kuvula matayi m'chilimwe. Ku India, kuyambira 2020, eyakoni zatsopano zimayenera kutuluka m'fakitale zitaikidwa pa 24. Awa ndi mayiko opanga makinawo. Ife ogula ndi ndalama yakunja yosowayi ndiye tapeza kuti ulemerero uli pa 16.

Komabe funso lalikulu limene sitifunsa limabwera makina asanagulidwe: n'chifukwa chiyani nyumbayi ikutentha chonchi? Yankho timalidziwa tonse. Timayamba ndi kudula mitengo yonse pa puloti kuti nyumba ioneke kumsewu. Timamanga makoma afupiafupi, malata pamutu penipeni, siling'i tidzaika ndalama zikapezeka, tizenera tating'ono toopa akuba, khonde ayi chifukwa ndi lachikale. Pabwalo timathira simenti kuti kutentha kwa masana kutiperekeze mpaka pakati pa usiku. Tikamaliza kumanga uvuni ndi ndalama zathu, timafunanso ndalama zina zogulira makina olimbana ndi uvuniwo.

Pitani pa Mua Mishoni mukaime pakhonde la nyumba zakale. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika pamenepa mu 1902. Chaka chomwecho, ku Brooklyn mu mzinda wa New York, injiniya wina dzina lake Willis Carrier anakonza makina amene amatengedwa kukhala chiyambi cha eyakoni zamakono, ndipo sanawakonzere anthu koma mapepala a kampani yosindikiza amene ankapindika ndi chinyezi. Omanga a pa Mua analibe makina amenewo, analibenso magetsi. Anali ndi njerwa zowotcha, makoma okhuthala, denga lalitali, makonde otchinga dzuwa kuti lisamenye khoma, ndi mitengo. Lowani masana muone kusiyana kwake ndi nyumba ya malata imene inamangidwa chaka chatha. Nzeru imeneyi sinabwere pa sitima yokha. Agogo athu ankaidziwa kale: denga la udzu lotsika mpaka kuphimba khonde, khoma lozira, ndi mtengo wa mango kapena wa mtondo pabwalo. Alendo amabwera kuchokera kutali kudzaona zosema ndi zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ife a pafupi tikanamapitako ndi tepi yoyezera, kukayeza makulidwe a makoma ndi kutalika kwa makonde.

Musandimve molakwa. Pali malo amene makina oziziritsa ndi moyo: chipinda cha opaleshoni, mosungira mankhwala ndi katemera, labotale. Kumeneko ndiye kuyenera kupita amisiri enieni ndi magetsi odalirika. Pa Golomoti pomwepa pali munda wa masola wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire osungira moto, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Dzuwa lomwe limatiwaula ndi lomwe likukololedwa pamenepo. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira magetsi a pa nthambo. Moto wochepa chonchi, amene ali nawo mwayi asamaumwaze poziziritsa holo yotsegula zitseko, yosefera yake yodzaza fumbi la chaka chathunthu.

Ndiye inu amene mukumanga chaka chino, funsani mafunso otchipa musanafike pa odula. Dzuwa la masana limenya khoma liti? Siling'i ndi khonde zikudya ndalama zingati poyerekeza ndi makina ndi mayunitsi a zaka khumi? Mukagulabe makinawo, mmisiri akuonetseni chiphaso chake asanagwire pulayasi, ndipo akuwerengereni mokweza zimene zalembedwa pa kachitsulo kaja. Akakwiya nalo funsolo, mupatseni ya kabaza abwerere. Kufunsa kumawawa mphindi imodzi, koma kompuresa yatsopano amagulitsa pa mtengo wa dola.