YEZANI KATUNDU MUSANAKOKE KALAVANI

M'miyezi ya chisanu, kuyambira Juni kufikira Ogasiti, pamene mvula yaleka ndipo misewu yauma, anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M1 ndi wa m'mphepete mwa nyanja amaona magalimoto a alendo, ambiri a iwo ochokera ku South Africa, akukoka tinyumba ta matayala. Kanyumba kotere dzina lake ndi kalavani. M'kati mwake muli pogona, pophikira ndi mosungira madzi, kotero kuti mwini wake akafika pamalo pamene pamkomera amangoimasula ku galimoto, naichirikiza ndi miyendo yake, basi khomo lamangidwa. Ana amaithamangira, koma akulu amapukusa mitu nati, "Izi n'za eni ndalama." M'nkhani ya lero ndifuna kutsutsa maganizo ameneŵa. Ndinena kuti nzeru zokokera kalavani n'zofunika kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, ndipo kuti mutu wa nzeru zonsezo ndi umodzi: kuyeza katundu ulendo usanayambe.

Ena mwa inu mudzakhala madalaivala, ena amakanika, ndipo ena mudzalandira alendo m'misasa ya ku Chembe, Senga Bay, Kande kapena Chitimba. Ngakhale amene sadzagwirako kalavani moyo wake wonse adzakumana ndi abale ake a kalavaniyo, monga kangolo ka katundu kumbuyo kwa minibasi, ngolo ya chimanga kumbuyo kwa thalakitala, kapena boti lokwezedwa pa matayala. Zonsezi zimamvera lamulo limodzi. Ndiponso ngolo ikamasuka kapena kugubuduzika siyamba yafunsa ngati mayi woyenda m'mbali mwa msewu, kapena mnyamata wa pa njinga, ali ndi gawo pa ulendowo.

Kuyenda ndi nyumba ya matayala pofuna kusangalala kudayamba kale. M'chaka cha 1885 sing'anga wina wa ku Scotland, Dr William Gordon Stables, adapangitsa ngolo yogonamo imene adaitcha The Wanderer, ndipo inkakokedwa ndi akavalo aŵiri. Mu 1907 anthu okonda maulendo otere ku Britain adakhazikitsa bungwe la Caravan Club. Kuno ku Africa, mu 1959, Wally Byam wa ku America, mwini fakitale ya makalavani a Airstream, adatsogolera makalavani 41 kuchokera ku Cape Town kuloŵera ku Cairo. Adafikako mu 1960, koma si onse amene adatsiriza ulendowo. Pakati pa masiku a Stables ndi masiku athu pali kusiyana kumodzi koyenera kukusamala. Kavalo kapena ng'ombe ikalemedwa imaima n'kukana kuyenda, ndipo mwini wake amadziŵa kuti waonjeza. Injini siidandaula. Imakoka mpaka pamene mabuleki apsa kapena tayala laphulika. Popeza chokokacho chidaleka kutichenjeza, sikelo iyenera kutichenjeza m'malo mwake.

Muyeso woyamba ndi wa galimoto ndi kalavani. Mabungwe a eni makalavani a ku Britain amalangiza kuti kwa munthu wongoyamba kumene, kalavani yodzaza isapitirire magawo 85 mwa magawo 100 a kulemera kwa galimoto yopanda katundu, ndipo kuti ngakhale katswiri asakoke kalavani yolemera kuposa galimoto yake. Tsono ngati galimoto ilemera makilogalamu 1,600, kalavani ndi zonse za m'kati mwake zilekezere pa makilogalamu 1,360. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mwana wamng'ono akatsogolera nkhunzi pa chingwe, woyendetsa mnzake ndi nkhunziyo. Pamwamba pa langizo limeneli pali malire amene opanga galimoto adalemba m'buku lake, ndipo malire amenewo sadumphidwa.

Muyeso wachiŵiri ndi wa katundu wa m'kati. Kalavani iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa malire a kulemera kwake. Tiyerekeze kuti yopanda kanthu ilemera makilogalamu 1,050 ndipo malire ake ndi 1,200. Malo otsala a katundu ndi makilogalamu 150 okha, ndiwo matumba atatu a chimanga. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero zigubu zitatu za malita 20 zatenga kale makilogalamu 60. Onjezanipo botolo la gasi, batire, tenti, mipando, miphika, zofunda ndi zakudya, mudzaona kuti malo atha zovala zisanaloŵe. Anthu ambiri amanyengedwa ndi maso, pakuti poona makabati opanda kanthu amayesa kuti mpata ulipo, chonsecho matayala adalemedwa kale. Njira yabwino ndiyo kuyeza chinthu chilichonse pa sikelo, kulemba m'kope, ndi kusiya kunyumba chilichonse chimene chingagulidwe kutsogolo.

Muyeso wachitatu, umene ambiri saudziŵa, ndi wa pamphuno, ndiko kulemera kumene mkono wachitsulo wa kutsogolo kwa kalavani umapsinja nako pa chokolekera cha galimoto. Ku Britain amati kukhale pakati pa magawo 5 ndi 7 mwa magawo 100 a kulemera kwa kalavani yodzaza. Ku America, kumene makalavani amapangidwa mosiyana, amati magawo 10 mpaka 15. Pa kalavani yathu ya makilogalamu 1,200, muyeso wa ku Britain ukutipatsa makilogalamu 60 mpaka 84. Poyeza, imikani kalavani pamalo athyathyathya, tsekerani matayala ndi miyala, ndipo ikani kamtengo kolimba pakati pa mphunoyo ndi sikelo yoyezera anthu. Mphuno ikapepuka kwambiri, chifukwa katundu wachuluka kumbuyo, kalavani imanyamula matako a galimoto niyamba kugwedezeka uku ndi uku. Ikalemera kwambiri, matayala a kutsogolo kwa galimoto amapepuka, chiwongolero chimachepa mphamvu, ndipo nyali zimathobwa anzanu m'maso. Nchifukwa chake zolemera zonse ziikidwe pansi, pamwamba penipeni pa chitsulo chogwira matayala, zitamangidwa bwino. M'makabati a m'mwamba muloŵe zopepuka zokha. Anzanga aphunzitsi a sayansi, phunziro la thabwa lotsamira pa mwala ndi limeneli. Wilibala imodzi ndi njerwa zingapo zikwanira kuonetsa ana m'mene katundu yemweyo amalemerera kapena kupepukira m'manja akasunthidwa malo.

Kuyeza kukatha, yang'anani matayala. Tayala la kalavani kaŵirikaŵiri limakalamba lisanathe, pakuti limakhala miyezi yambiri padzuŵa osayenda, ndipo mphira wake umang'aluka mano akadali atsopano. M'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2319 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Langizo la odziŵa ndilo kusintha matayala akakwanitsa zaka 5, ndi kusayenda nawo konse akapitirira zaka 7. Mpweya uyezedwe matayala ali ozizira. Mukakoleka kalavani, ikwezeni pang'ono ndi katayala kake ka kutsogolo kuti muone ngati yagwiradi. Mangani chingwe chachitsulo chimene chimakoka mabuleki a kalavani ikamasuka. Ndipo wina aime kumbuyo kuona ngati nyali zonse zikuyaka. Mukayenda makilomita 50, imani, limbitsani manati, ndipo yandikizani dzanja pakati pa tayala lililonse. Pakatentha kuposa pa linzake, maberingi kapena mabuleki ali ndi vuto. Za ziphaso nazo musaziiŵale. Ku South Africa chiphaso cha B chimalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yolemera kuposa apo imafuna chiphaso cha EB. Funsani ku ofesi yoona za pamsewu ngati chiphaso chanu chikukulolani, pakuti safunsa adadya phula.

Pamsewu mdani wamkulu ndi liŵiro. Ku Britain, kumene misewu yake n'njosalala, galimoto yokoka kalavani siloledwa kupitirira mamailosi 50 pa ola, ndiwo makilomita 80, pa msewu umene magalimoto amadutsana. Nanga kuno kwathu, kumene njinga, mbuzi, maenje ndi ana a sukulu zimagaŵana msewu umodzi, tithamangirenji? Kalavani ikayamba kugwedezeka, monga zimachitikira lole yaikulu ikakudutsani kapena mphepo ikaomba cham'mbali, mtima umauza munthu kuponda buleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero. Zonse ziŵirizi zimaonjezera ngozi. Gwirani chiwongolero chilunjike, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, ndipo lolani liŵiro litsike lokha. Zikatha, imani pamalo abwino ndi kuonanso m'mene katundu wakhalira.

Dziko lathu lili ndi zitunda zimene zimayesa dalaivala: Chiweta potsikira kunyanja kumpoto, Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ndi msewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Loŵetsani giya yachiŵiri kapena yoyamba muli pamwamba, mtsetse usanayambe, kuti injini igwire galimoto. Makalavani ambiri ali ndi mabuleki amene amagwira okha pamene kalavani ikukankha galimoto, ndipo pa mtsetse wautali amatentha. Nkwanzeru kuima pakati kuti azizire. Ilipo misewu ina imene kalavani siyenera kukwera n'komwe. Wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20. Wanzeru amasiya kalavani kumunsi nakwera ndi galimoto yokha. Pobwerera m'mbuyo, gwirani chiwongolero cham'munsi: kumene dzanja lapita n'kumene kumbuyo kwa kalavani kudzapite. Luso limeneli liphunziridwe pabwalo lopanda anthu, munthu mmodzi yekha akukulozerani, ndipo akasoŵa pa galasi imani pomwepo.

Pamsasa yesetsani kufika dzuŵa lisanaloŵe, chifukwa malo osankhidwa mumdima amadzaoneka zoipa zake m'maŵa. Kalavani iime mosapendekeka, popeza firiji ya gasi sigwira bwino ntchito ikapendekeka, ndipo miyendo ya m'makona ndi yochirikizira chabe, si majeke onyamulira. Musaime pansi pa mtengo wa mvunguti, umene zipatso zake zolemera zingaswe denga kapena mutu. Musamange mumtsinje wouma, pakuti mvula yogwa kumapiri imatsitsa madzi kumene kuli dzuŵa. M'mbali mwa Shire ku Liwonde mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu, ndipo tinjira tawo timaoneka. Musatseke njira ya mvuu yobwerera kumadzi. Kunyanja, mphepo ya mwera imang'amba chinsalu cha khonde chimene sichidakhomedwe bwino. Masikito musawasiye, chifukwa udzudzu umaloŵa m'kalavani monga umaloŵera m'nyumba.

Koposa zonse, mbaula isaloŵe m'kalavani kapena m'tenti, ngakhale kuzizire monga kumazizirira ku Chelinda pa Nyika mu Juni ndi Julayi. Makala oyaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Tibowo ta mpweya ta m'kalavani tisatsekedwe ndi nsanza, ndipo botolo la gasi litsekedwe poyenda.

Kuchepetsa katundu kuli ndi phindu lina limene sikelo siionetsa. Mlendo amene wanyamula zonse kuchokera kwawo amadutsa m'midzi osasiyamo kanthu koma fumbi. Amene wanyamula zochepa amagula tomato, nthochi, mazira ndi nsomba kwa eni dera, ndipo pogulapo amamva za mlatho woonongeka kapena njira yoterera imene ili kutsogolo. Ngati afuna kugona kunja kwa msasa wovomerezeka, ayambe waonekera kwa amfumu. Madzi akuda asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena nyanja, zinyalala zinyamulidwe, ndipo moto uzimitsidwe ndi madzi, makamaka m'chilimwe pamene tchire lauma. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Ndikudziŵa kuti madalaivala ena akale adzati, "Ife takoka ngolo zaka zambiri poyeza ndi maso okha, ndipo tili moyo." Sindikana luso lawo. Koma maso amaona kukula kwa katundu, saona kulemera kwake, ndipo ngolo yopakiridwa molakwa imatha kuyenda bwino maulendo ambiri pa liŵiro lochepa, n'kudzagwedezeka tsiku limodzi pa mtsetse, mphepo ikuomba. Amene zidawachitikira ambiri sali pano kuti atitsutse kapena kutivomereza. Kuyeza kumadya theka la ola. Ngozi imadya zaka.

Pempho langa tsono lipite kwa eni sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto ndi makoleji a ntchito zamanja, kuti kupakira ndi kukoka ngolo kuphunzitsidwe monga phunziro lapalokha, sikelo ili pomwepo. Aphunzitsi a masamu atenge zitsanzo za pamwambazi n'kuzisandutsa mafunso a m'kalasi. Ndipo inu achinyamata, tsiku limene bwana kapena mlendo adzakupatsani makiyi a galimoto yokoka kalavani kapena ngolo, musachite manyazi kufunsa mafunso atatu: galimoto ilemera bwanji, chokokedwacho chilemera bwanji, ndipo pamphuno papsinja makilogalamu angati? Akakusekani, asekeni nawo, koma musalize injini mayankho asanapezeke. Kuthamanga si kufika.