MFUTI SIIDZIWA MUNTHU

Abale athu a m'makomboni, lero tifuna kunena za mfuti ndi anthu amene aombera asanaone cimene alinkuombera.

Pa 29 May 1935, anchito a pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya anasonkhana pa ofesi ya komboni. Anali pa sitalaka cifukwa Boma linakweza msonkho kufika pa masheleni 15. Miyala inaponyedwa, apolisi anacita mantha, naombera m'cigulu ca anthu. Anthu 6 anafa. Kodi mpolisi amene anaombera akanatha kuloza ndi cala nanena kuti uyu ndiye anaponya mwala? Iai. Anangoona gulu basi.

Pa 3 April 1940 zinacitikanso ku Nkana. Azungu a pa mgodi anali atacita sitalaka yao nawonjezeredwa malipiro, koma pamene anthu akuda anapempha zao, asilikari anaombera, ndipo anthu 17 anafa. Nthawi imeneyo inali ya nkhondo ya Hitler, ndipo mkuwa umene anthuwo anali kukumba ndi thukuta lao ndiwo unafunika popanga zipolopolo.

Ena adzati zimenezo ndi za Atsamunda, zinatha mu 1964. Sizinathe. Pa 23 December 2020 mu Lusaka, apolisi pobalalitsa anthu pafupi ndi likulu lao anaombera, ndipo anthu awiri anafa. Mmodzi anali loya wa Boma lomwelo, amene anangopita kukagula cakudya. Iye sanali pa msonkhano wa cipani ciri conse.

Tsono ife sitinena kwa apolisi okha. Tinena ndi inu alonda a usiku, ndi inu amene musunga mfuti m'nyumba. Mukamva tswa-tswa kuseri kwa nyumba musafulumire. Angakhale mwana wanu wocokera ku cimbudzi, kapena mnzanu woweruka shifiti ya usiku. Ngakhale kuombera m'mwamba si masewera, pakuti cipolopolo cimabwera pansi, ndipo malata a nyumba zathu sangaciletse. Yambani mwafuula kuti “Ndani?” Unikani ndi toci. Ngati simunamuone bwino, cala cikhale kutali.

Kwa akulu a polisi tipempha ici: zipolopolo ziwerengedwe poturuka ndi pobwera, ndipo mpolisi ali yense amene waombera alembe dzina lace ndi kunena amene anamulamula.