Musalipire "300 dpi" pa banner ya shopu, ni kukudyerani ndalama

Amai na atate a ku Soweto, City Market na Kamwala, na inu a ku Kapata ku Chipata, mvetserani iyi musanapite kukapangitsa chikwangwani.

Sabata yatha ninaperekeza amai ang'ono, amene agulitsa salaula, kukapangitsa banner ya mamita 3 m'litali. Mnyamata wa pa kompyuta ati, "Mami, ngati mufuna ioneke clear, ni 300 dpi. Muikeko K250 pamwamba." Ninamufunsa chithunzi chamene afuna kusewenzetsa. Ati chamene anamutumira pa WhatsApp. Apo mtima unanipweteka, chifukwa anafuna kuwagulitsa chinthu chamene kulibe.

Chithunzi chilichonse chimapangidwa na tumadontho tung'onotung'ono, ma pixel. Dpi itanthauza kuti tumadontho tungati tuli pa inchi imodzi. 300 ni ya zinthu zamene mugwira kumanja na kuyang'ana pafupi, monga flyer olo business card. Ma billboard aakulu monga aja a mu Great East Road kambiri amasindikizidwa na tumadontho tosafika na 30 pa inchi, koma mukawaona muli mu minibasi ali bwino chabe. Diso likakhala patali silikwanitsa kupatula tumadontho.

Manje tiyeni tiwerenge, inu ndinu anthu a masamu kupambana ife a ma diploma. Mamita 3 ni mainchi 118. Kuti ikhale 300 dpi yazoona, chithunzi chifunika ma pixel 35,400 m'litali. Foni ya 12 megapixel ipereka 4,000 chabe. Nanga enawo achoka kuti? Kompyuta imangochitambasula. Ni kuthira madzi mu ndiwo kuti zikwane alendo, nyama siichuluka.

Ndipo 4,000 yamene ija ikwana. Pa mamita 3 ipereka tumadontho 34 pa inchi, ndipo munthu woimirira mamita atatu kuchoka pa shopu saona vuto. Chamene chiononga ni WhatsApp. Mukatuma chithunzi mwa masiku onse, imachichepetsa kufika pafupifupi 1,600, ndiye kuti 13 olo 14 pa inchi. Customer akafika pafupi, nkhope pa banner ioneka monga yapakidwa phala. Wosindikiza aliyense adziwa izi. Wamene akhala zii n'kulandira ndalama ya "HD" pa chithunzi chotere, uja ni kawalala, olo avale tayi.

Chithunzi tumani monga Document, olo pitani na foni akachotse na chingwe. Dzina la shopu na nambala ya foni azilembe bwino pa kompyuta na kusunga mu PDF, osati screenshot. Apa musanyengerere: 6 ikaoneka monga 8, mobile money yanu ipita kwa munthu wina.

Musanalipire, muuzeni asindikize kachigawo kamodzi pa pepala ya A4, pa saizi yeniyeni yamene izakhala pa banner. Ikani pa chipupa, bwererani kumbuyo mpaka pamene ma customer anu apita, muone mweka.

Mnyamata uja anakana, ati inki ni yodula. Tinachoka. Shopu yachitatu mu mzere womwewo inavomera kuyesa pa A4, amai ang'ono anaona, anakondwa, ndipo K250 ija anakagulira mahang'ala.