Oimba ndi Msewu wa Boterekwa

Kuno ku Gweru, oimba nyimbo za sungura, monga a Alick Macheso amene amatiimbira ngakhale m'Chichewa chathu, akamaliza dansi m'bandakucha, ife timakagona. Iwo amanyamula magitala ndi masipika, ulendo ku Zvishavane.

Akangodutsa Shurugwi, pa Boterekwa, msewu umakhotakhota m'mapiri, phompho lili pambali. Malole a miyala ya m'migodi amatsika mabuleki akununkha, ndipo okumba golide afukula mapiriwo mpaka m'mphepete mwa tala. Dalaivala wosagona usiku wonse adutse pamenepo ndi anyamata onsewa? Ayi ndithu.

Inu okonza madansi, alipirireni oimbawa malo ogona. Anyamuke kutacha, tulo titatha.