Tsankho la mitundu silili m'magazi

Chisankho chikangotha, mkangano womwewo umabwerera m'maminibasi a ku Limbe ndi pa mawailesi. Ena amati Mmalawi sadzasiya kuvotera wakwawo chifukwa tsankho lili m'magazi. Ena amati tikalalikira chikondi lidzatha lokha. Onsewa akuphonya, koma oyambawo ndiwo akusocheretsa anthu kwambiri. N'zoona kuti munthu sadzaleka kunena kuti "ife" ndi "iwo". Koma malire a "ife" amasuntha, ndipo chimawasuntha ndi kagawidwe ka ntchito, malo a sukulu ndi chitukuko.

A magaziwo umboni wawo ndi umodzimodzi chaka ndi chaka: chisankho cha 1994, pamene kummwera kudatsata Bakili Muluzi, pakati Kamuzu Banda, kumpoto Chakufwa Chihana. Satchula zomwe zidatsogola. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya boma. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo, nthawi yomwe ana opita kuyunivesite ankasankhidwa potengera boma lochokera. Ovotera Chihana ankayankha mabala amenewa. Nanga akadakhala magazi, adasintha bwanji mu 2009, pamene Bingu wa Mutharika adapeza mavoti 66 pa 100 alionse, kumpoto komweko nkumuvotera mwaunyinji, anthu atadya chimanga cha feteleza wa makuponi?

Katswiri wa ndale Daniel Posner adafufuza midzi ya Achewa ndi Atumbuka mbali zonse za malire a Malawi ndi Zambia, natulutsa zomwe adapeza mu 2004. Kuno mitundu iwiriyi inkakayikirana pa ukwati ndi pa voti. Kutsidyako, mtunda woyenda pansi, inkaonana ngati abale a kum'mawa. Anthu ndi omwewo, miyambo yomweyo. Kusiyana n'kwakuti kuno mtundu uliwonse ndi waukulu moti wandale angakwererepo, pomwe ku Zambia kuwagawa sikupindulitsa aliyense.

Blantyre akuonetsa zomwezi tsiku ndi tsiku. Pa mdadada umodzi wa nyumba zalendi ku Ndirande, Mlhomwe, Myao ndi Msena amatunga pa mpopi umodzi, amasonkherana ufa ndi nkhuni pakagwa maliro, ndipo ana awo amakangana m'Chichewa. Pa Kamuzu Stadium, Mtumbuka wa Maule amakumbatira Mngoni wosamudziwa chigoli chikalowa, nkumakuwiza mchimwene wake wa Manoma amene wakhala mbali inayo. Kugawikana kulipo, koma mtundu sulowapo.

Wotsutsa anena kuti anthu omwewa, ntchito ikatuluka kuofesi, amalemba mwana wakwawo. Zimachitikadi, ndipo n'zowawa kwa mnyamata wa ku Bangwe amene ali ndi digiri koma alibe malume pamwamba. Koma taonani pomwe tsankholo likutulukira: pomwe ntchito ndi yochepa ndipo imaperekedwa mseri. Pamenepo dzina la kumudzi limasanduka chiphaso, ndipo ulaliki wa chikondi sungalimbane nalo.

Chomwe chimalimbana nalo ndi malamulo ochititsa tsankho kukhala losapindulitsa. Chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chofuna kuti wopambana apose theka la mavoti onse, chidatseka njira yolowera ku State House ndi chigawo chimodzi, ndipo Lazarus Chakwera adafunikira Saulos Chilima ndi mavoti a kumpoto kuti apambane chaka chomwecho. Kulemba anthu ntchito m'boma, kukweza maudindo ndi kupereka makontirakiti sikudaunikidwebe motero, ndipo aphungu athu sakufulumira kutero.